Za Liwu Loti Bosi ndi Kumene Lidachokera

Tsiku lina nthawi ya dzinja adandiitana ku mudzi wina wa kumalire a parishi yathu kuti ndikadzoze agogo ena aamuna amene adali atadwala nthawi yaitali. Ndidawapeza atagona pamphasa, chifuwa chikulira ngati mvukuto wa m'chipala. Nditagwada pambali pawo kuti ndiwafunse ngati akufuna kulapa, adatsekula maso mwadzidzidzi, nayesa kudzuka, dzanja likufunafuna chipewa kumutu kumene kudalibe chipewa, ndipo adayankha ndi mawu onjenjemera kuti: "Ja, baas." Akazi awo adawagwira paphewa nati: "Gonani abambo, amenewatu ndi ansembe athu, si Mzungu wa ku mgodi ayi." Pambuyo pake ndidamva kuti agogowo adagwirapo ntchito zaka zingapo m'migodi ya golide ku Joni pa unyamata wawo, ndi kuti chifuwacho adachitenga komweko.

Nditabwerera ku parishi madzulo ake, ndidapeza anyamata a kwaya atakhala pakhomo pa tchalitchi, ndipo mmodzi wa iwo adandilonjera moseka kuti: "Mwayenda bwanji, bosi?" Mnyamatayo sadavule chipewa, sadaonetse mantha, inenso sindidakhumudwe. Koma usiku umenewo ndidakhala nthawi yaitali osagona, pakuti ndidazindikira kuti pa tsiku limodzi ndidamva liwu limodzimodzi kawiri: m'mawa lidatuluka m'kamwa mwa munthu wamantha, madzulo m'kamwa mwa munthu wanthabwala. Baas ndi boss ndi liwu limodzi. Lidachoka m'dziko limodzi pa zombo za makampani awiri, kwina kulowera ku America, kwina kulowera ku Cape, ndipo lidatipeza kuno kwathu litadzera njira ziwirizo. Ndikufuna kuti tililondole m'njira zonse ziwiri, chifukwa mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense amene ali ndi mnzake womugwirira ntchito.

Kwawo kwa liwuli

Baas ndi liwu la Chidatchi, chiyankhulo cha anthu a ku Netherlands ndi a kumpoto kwa Belgium. Limapezeka m'zolembedwa zakale za kumeneko, Adatchi asanayambe maulendo awo aatali a panyanja, ndipo nthawi imeneyo linkalembedwa kuti baes. Linkatanthauza mwini nyumba, mutu wa banja. Akatswiri ena a ziyankhulo amaligwirizanitsa ndi liwu lakale la Chijeremani loti basa, limene linkatanthauza mlongo wa bambo, amene ife timati azakhali, ndipo amaganiza kuti lidayamba ngati liwu la ana lotchulira wachibale wamkulu. Choncho liwuli lidakulira m'nyumba, pakati pa anthu odyera mbale imodzi.

Kuchoka m'nyumba lidalowa m'malo a ntchito, ndipo ulendo umenewu sudali wautali, poti masiku amenewo mmisiri ankagwirira ntchito pakhomo pake pomwepo. Wopala matabwa, wosula zitsulo, wophika buledi kapena wokhoma ngalawa ankakhala ndi anyamata ophunzira luso, amene kawirikawiri ankagona m'nyumba mwake ndi kudya chakudya chake. Anyamatawo ankamutcha baas. Iyeyo adali munthu amene adadzera m'njira yomweyo: adayamba ndi kusesa, kenaka adaphunzira kugwira chida, mpaka anzake a luso lomwelo adamuvomereza kuti wakhwima. Mnyamata womvera baas lero ankayembekeza kuti tsiku lina iyenso adzakhala baas. Mfundo imeneyi tiisunge bwino, chifukwa tiifunanso kutsogoloku.

Mpaka lero Adatchi amaligwiritsa ntchito liwuli mopanda mantha. Mwini nyumba ya lendi amamutcha huisbaas, mwini galu amamutcha baasje, ndiye kuti kabaas, ndipo munthu wodzigwirira ntchito yekha amanyadira kuti ndi eigen baas, kutanthauza baas wa iye mwini. Tisasokoneze liwuli ndi lina la Chingerezi lolembedwa chimodzimodzi, boss, limene lidachokera ku Chifalansa ndipo limatanthauza kanthu kotukuka pakati pa chishango, kapena mwala wosemedwa pamene pakumana mizati ya denga la tchalitchi. Awiriwa ndi ofanana nkhope chabe, si pachibale.

Ulendo wopita ku America

M'chaka cha 1609 Mngerezi wina dzina lake Henry Hudson, atalembedwa ntchito ndi kampani ya Adatchi yochita malonda ku maiko a kum'mawa, adayenda mu mtsinje waukulu umene lero umatchedwa dzina lake. M'chaka cha 1621 Adatchi adakhazikitsa kampani ina yoyang'ana za kumadzulo, ndipo kampani imeneyi idamanga mudzi pa chilumba cha Manhattan nkuutcha New Amsterdam. Mu 1626 Peter Minuit adapereka kwa eni dzikolo katundu wa mtengo wa ndalama za Chidatchi zokwana 60, ndipo Adatchi adatenga kuti agula chilumbacho. Mu 1664 zombo za Angerezi zidafika, bwanamkubwa Peter Stuyvesant adagonja, ndipo mudziwo udatchedwa New York.

Mbendera imatsika tsiku limodzi, koma chiyankhulo sichitha msanga choncho. Mabanja a Chidatchi adakhalabe m'chigwa cha Hudson akuyankhula chakwawo kwa mibadwo ingapo, kotero kuti Martin Van Buren, amene adakhala mtsogoleri wa United States kuyambira 1837 mpaka 1841, adayamba kuyankhula Chidatchi asanadziwe Chingerezi. Maina a malo monga Harlem ndi Brooklyn ndi a midzi ya ku Netherlands, Haarlem ndi Breukelen. Ngakhale Santa Claus wa pa Khrisimasi ndi Sinterklaas wa Adatchi, ndiye kuti Nikolasi Woyera, episkopi wa ku Myra, amene Eklezia amamukumbukira pa 6 December. Pamodzi ndi mawu amenewa, baas adalowa m'Chingerezi cha ku America, ndipo eni Chingerezi adalilemba monga makutu awo adalimvera: boss.

Kwa zaka zoposa zana liwuli lidakhala la m'dera limodzi. Lidayamba kufalikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo chifukwa chake nchodziwika. Chingerezi chidali kale ndi liwu lake lotchulira wolemba anthu ntchito, ndilo master. Koma ku America liwu limeneli ndi lomwe kapolo wachikuda ankatchulira mwini wake. Mmisiri wachizungu wogwira ntchito ya malipiro, amene ankadziona kuti ndi mfulu m'dziko limene lidangodzimasula kwa mfumu ya ku England, sadafune kutulutsa m'kamwa mwake liwu lotuluka m'kamwa mwa kapolo. Choncho adatola liwu lachilendo limene makutu ake sankamvamo maunyolo. Momwemonso ogwira ntchito m'nyumba adakana kutchedwa servant, nasankha kutchedwa help, ndiye kuti wothandiza.

Mlembi wotchuka James Fenimore Cooper adaziona zimenezi, ndipo m'buku lake la mu 1838 lotchedwa The American Democrat adawaseka anthu aja, nanena kuti athawa liwu limodzi nkukagwera pa lina lotanthauza zomwezo m'Chidatchi. Pa za tanthauzo Cooper adanena zoona. Komabe antchito aja sadali opusa. Iwo ankasiyanitsa zinthu ziwiri zosiyanadi: master adali mwini munthu, pamene boss adali mwini ntchito. Kwa boss umagulitsa mphamvu zako kwa maola owerengeka, dzuwa likalowa umapita kwanu, ndipo akakuzunza ungathe kunyamula zida zako nkukafuna ntchito kwina. Kusiyana kumeneku nkwakukulu, ndipo kapolo aliyense akadakusirira.

Cholakwa chidali pena. Ambiri mwa antchito aja sadakane liwu loti master chifukwa chomvera chisoni kapolo. Adalikana chifukwa choopa kufanana naye. Adatsuka pakamwa pawo, koma ukapolo adausiya uli chiimire. Chigawo cha New York chidamaliza kumasula akapolo ake mu 1827, ndipo dziko lonse lidathetsa ukapolo mu 1865, itatha nkhondo yoopsa. Ndiponso liwu limene adalitola ngati loyera lidali la anthu amene nawonso adali ndi akapolo. Kampani ya Adatchi idabweretsa akapolo a ku Africa ku New Amsterdam kuyambira zaka zoyambirira za mudziwo, ndipo Sojourner Truth, mayi wotchuka uja amene adalimbana ndi ukapolo, adabadwira mu ukapolo m'chigawo cha New York, chiyankhulo chake choyamba chili Chidatchi.

Ife Akatolika tisaime patali ngati osakhudzidwa. Chaka chomwecho cha 1838 ansembe a chipani cha Yezu ku Maryland adagulitsa akapolo 272 kwa eni minda a ku Louisiana, ndipo zina mwa ndalamazo zidabweza ngongole za sukulu yawo ya Georgetown. Chaka chotsatira Papa Gregory XVI adalemba kalata yodzudzula malonda a akapolo. Anthu 272 aja adali obatizidwa ambiri a iwo.

Sipadapite nthawi yaitali, liwu latsopanolo lidadetsedwa nalonso. Ku New York komweko kudabuka wandale wina, William Tweed, amene adagwira chipani cha mu mzindawo m'manja mwake, nagawa ntchito kwa omutsata, naba chuma chochuluka cha anthu. Anthu adamutcha Boss Tweed. Adapezeka wolakwa mu 1873 ndipo adafera m'ndende mu 1878. Kuyambira pamenepo boss adatanthauzanso munthu wolamula ndale mobisika, wosasankhidwa ndi anthu koma woopedwa ndi onse.

Ulendo wopita ku Cape

Tsopano tibwerere ku Netherlands, tikwere chombo china. Pa 6 April 1652 Jan van Riebeeck adafika ku Cape, atatumidwa ndi kampani ya kum'mawa ija kuti amange malo opumulirapo zombo zopita ku India ndi ku zilumba za Indonesia. Mu 1657 antchito ena a kampani adaloledwa kukhala alimi odziimira paokha, ndipo mu 1658 zombo zoyamba zodzaza ndi akapolo zidafika. M'zaka zotsatira akapolo adabwera kuchokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi ku Indonesia. Eni dziko, anthu a mtundu wa Khoikhoi, adalandidwa mabusa ndi ziweto pang'onopang'ono, mpaka ambiri adasanduka abusa a ng'ombe za ena. Pamunda wa mlimi wa ku Cape liwu lotchulira mwini malo lidali lomwe lija la kwawo: baas.

Apa ndi pamene mfundo tidasunga ija ikugwira ntchito. Ku Netherlands khomo lidali lotsekula: wantchito ankatha kuchoka, ndiponso ankatha kudzakhala baas. Ku Cape makomo onse awiri adatsekedwa. Kapolo sankatha kuchoka, ndipo popita kwa nthawi ubaas udaleka kuyendera luso kapena msinkhu, nuyamba kuyendera khungu. Mzungu wokalamba ankatchedwa oubaas, mwana wake wamwamuna ankatchedwa kleinbaas ngakhale akadali wokwawa, pamene munthu wakuda wa imvi ankatchedwa mnyamata mpaka kumanda. Tangoganizani, awerengi, nkhalamba ya zidzukulu ikuvulira chipewa mwana wa zaka zisanu. Kwathu kuno zimenezi tikadati ndi malodza.

Angerezi atatenga Cape adathetsa ukapolo pa 1 December 1834, koma akapolowo adawakakamiza kugwirabe ntchito kwa eni awo akale mpaka 1838. Mu 1856 adakhazikitsa lamulo la mabwana ndi antchito, limene lidati wantchito wothawa ntchito kapena wokana kumvera wapalamula mlandu woyenera chindapusa kapena ndende. Malamulo a mtundu umenewu adakhalapo mpaka 1974. Motero kwa zaka zoposa zana ukapolo utatha, munthu wakuda ankatha kumangidwa chifukwa chosamvera baas. Chidatchi cha ku Cape chidasintha nkukhala chiyankhulo chatsopano cha Chiafrikaans, chimene boma lidachivomereza mu 1925, koma liwu limeneli chidalisunga, ndipo Azungu oyankhula Chingerezi a kumeneko nawonso ankayembekeza kutchedwa choncho.

Pansi pa mgodi

Anthu athu adakumana ndi liwuli chifukwa cha golide, amene adapezeka ku Witwatersrand mu 1886. Eni migodi adakhazikitsa bungwe lolemba antchito ochokera kunja, limene makolo athu adalitcha Wenela. Mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha a kumpoto, chifukwa ankafa ambiri ndi chibayo, koma chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya kumeneko. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndipo Amalawi 74 adafera pamenepo. Boma la Dr Banda lidaimitsa kulembako. Kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano limene anthu adalitcha Theba, nkudzatheratu mu 1988.

Pansi pa mgodi anthu a mitundu yambiri ankamvana m'chiyankhulo chosakaniza cha Fanakalo, chimene mawu ake ambiri ndi a Chizulu, ndipo chidakonzeka bwino poperekera malamulo kuposa pochezera. Mzungu aliyense adali baas. Lamulo la migodi la mu 1911, limene adalikhwimitsa mu 1926, lidasungira Azungu ntchito zaluso, makamaka chiphaso chophulitsira miyala, ndipo chotchinga chimenechi chidachotsedwa mu 1987. Munthu wakuda wodziwa ntchito koposa, amene ankatsogolera gulu lake ndi kudziwa kumva thanthwe likafuna kugwa, udindo wapamwamba umene ankafika adali woti boss boy. Taonani mawu awiriwa atamangidwa pamodzi: kwa anzake ndi baas, kwa Mzungu ndi mnyamata. Kawirikawiri iyeyo ndiye ankaphunzitsa Mzungu wobwera kumene, koma malipiro ake adali kachigawo kakang'ono ka malipiro a wophunzitsidwayo. Umu ndi mmene agogo aja adaphunzirira kuti munthu akakuweramira ali ndi ulamuliro, yankho ndi "Ja, baas," ndipo phunzirolo lidalowa m'mafupa kotero kuti zaka makumi asanu sizidalifafanize.

Chipani cha National chitapambana mu 1948, liwuli lidakwera kufika m'nyumba ya malamulo. J. G. Strijdom, nduna yaikulu kuyambira 1954 mpaka 1958, sankabisa mawu: ankanena poyera kuti cholinga chake ndi baasskap, ndiye kuti ubaas, kulamulira kwa Mzungu pa wakuda. Womulowa m'malo, Hendrik Verwoerd, amene adabadwira ku Amsterdam, adaona kuti liwu limeneli likununkha m'makutu mwa maiko akunja, ndipo adayamba kukamba za chitukuko cha mtundu uliwonse paokha. Dzina lidasintha, koma ziphaso, ndende ndi kusamutsa anthu mokakamiza zidapitirira. Ndipo mu 1969 boma lidakhazikitsa nthambi ya akazitape imene zilembo zoyamba za dzina lake m'Chingerezi, monga nyuzipepala zinkalilembera, zidapanga liwu loti BOSS. Njira ziwiri zija, ya ku America ndi ya ku Cape, zidakumana pamenepo. Nthambiyo idasinthidwa dzina mu 1978, koma ntchito yake sidasinthe.

Aepiskopi a Chikatolika a ku Southern Africa, mmodzi wa atsogoleri awo ali Ambuye Denis Hurley a ku Durban, adalemba mu 1957 kuti tsankho la apartheid ndi loipa kuyambira pa muzu wake, ndipo m'kalata yomweyo adavomereza kuti tsankholo lidaliponso m'masukulu ndi m'mabungwe a Eklezia. Panalinso Mabunu ena, monga mbusa Beyers Naudé, amene adataya udindo ndi ulemu pakati pa anthu a mtundu wawo chifukwa chokana baasskap. Choncho mlandu tisauike pa chiyankhulo kapena pa mtundu. Anthu oyankhula Chidatchi cha ku Cape ndiwo adatsekula mishoni ya Mvera mu 1889, ndipo ansembe, abulazala ndi asisitere ambiri amene adamanga maparishi, masukulu ndi zipatala zathu adachokera ku Netherlands. Ulamuliro wa tsankho udatha ndi chisankho cha mu 1994.

Mawu athu

Anyani amasekana zikundu. Tisanamalize kuseka Azungu a ku America ndi a ku Cape, tiyang'ane mawu athu. Liwu loti thangata linkatanthauza kuthandizana, monga mmene anthu amathandizira mfumu kapena mnansi pa ntchito ya kumunda. Eni minda a ku mapiri a Shire adalitenga liwu labwinoli nkulisandutsa dzina la ntchito yokakamiza, imene munthu ankagwira ngati msonkho wa malo okhalapo. Thangata adali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo adathetsedwa mu 1962. Mpaka lero munthu akati ntchito iyi ndi thangata, palibe amene amamva za chithandizo.

Liwu loti bwana tidalilandira ku Chiswahili, ndipo akatswiri ambiri amati Aswahili adalitenga ku liwu la Chiarabu loti abuna, kutanthauza atate athu, lomwe Akhristu a ku Ethiopia amatchulira aepiskopi awo. Lidafika kuno ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, kenaka lidamatirira pa Mzungu wa ku boma, ndipo lero lili pa aliyense wokhala kuseri kwa tebulo. Liwu loti mbuye nalonso ndi la m'banja, la agogo ndi la mwini mbumba, koma ndi lomwenso kapolo ankatchulira mwini wake. Zikuoneka kuti m'maiko ambiri ulamuliro umakonda kubwereka mawu a chibale, chifukwa mawu a chibale ndi ofewa, ndipo munthu savutika kugonjera amene akumutcha atate.

Nanga ife a mu Eklezia? Wansembe timamutcha bambo, woyang'anira parishi timamutcha bambo mfumu, episkopi timamutcha ambuye. Ine amene ndikulemba pano, azimayi a msinkhu wa amayi anga amandigwadira nkunditcha bambo. Sindikunena kuti mawu amenewa tiwataye. Mbiri imene taonayi ikutiphunzitsa kuti kusintha dzina pakokha sikumasula munthu. Antchito a ku America adasintha master kukhala boss, akapolo nkukhalabe akapolo. Verwoerd adachotsa baasskap pakamwa, nausiya m'malamulo. Ifenso tingathe kudzitcha atumiki m'maulaliki athu onse, wophika wa ku nyumba ya ansembe ali ndi miyezi iwiri osalandira malipiro.

Mawu akale a Eklezia otchulira maudindo amaloza pansi. Dikoni m'Chigriki ndi wotumikira pa chakudya. Liwu la Chilatini loti minister lidachokera ku liwu lotanthauza chochepa, pamene magister, kholo la master, lidachokera ku liwu lotanthauza choposa. Papa Gregory Wamkulu, amene adatsogolera Eklezia kuyambira 590 mpaka 604, ankadzitcha mtumiki wa atumiki a Mulungu, ndipo Apapa amalembabe choncho. Zonsezi zidachokera kwa Ambuye Yezu mwini, amene pa mutu 10 wa Marko adachenjeza ophunzira ake kuti asatengere mafumu a anthu akunja odyera anthu awo masuku pamutu, ndipo pa mutu 23 wa Mateyo adawaletsa kukonda maina aulemu. Pa mutu 13 wa Yohane sadakane kuti Iye ndi Mphunzitsi ndi Ambuye. Adavomera maina onse awiri, koma adawavomera atangotha kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Dzina adalisunga, nasintha zimene mwini dzinalo amachita.

Paulo Woyera adatsata njira yomweyo pamene adabweza kapolo Onesimo kwa Filemoni ndi pempho loti amulandire ngati mbale wokondedwa. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya mu 1891 yonena za antchito, adakumbutsa olemba ntchito kuti asaone antchito awo ngati akapolo, ndi kuti kumana munthu malipiro ake oyenera ndi tchimo lofuulira kumwamba. Papa John Paul II adabwereza mu 1981 kuti ntchito idapangidwira munthu, ndipo munthu ndi woposa chuma chimene amapanga.

Tsono pali mafunso awiri amene mbiri ya liwuli yatisiyira, ndipo aliyense wa ife amene ali ndi wantchito angathe kudziyesa nawo, kaya ndi mwini sitolo, mwini munda wa fodya wokhala ndi matenanti, mayi wokhala ndi mtsikana wolera mwana, kapena bambo mfumu wokhala ndi katekisti, mlonda ndi wophika. Loyamba: kodi munthu amene amakutchani bwana angathe kukuuzani kuti mwalakwa, kapena kutsazika nkuchoka, popanda kuopa kuti mumuononga? Lachiwiri: kodi pa zaka zimene wakhala nanu waphunzira kanthu kapena wasunga kanthu koti tsiku lina nkudziimira payekha? Baas wa ku Netherlands, pamene zinthu zinkayenda bwino, ankatha kuyankha kuti inde pa onse awiri. Baas wa ku mgodi sakadatha. Mtsikana amene adachotsedwa kumudzi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nalonjezedwa sukulu, koma mpaka lero akungotsuka mbale m'tauni, angatiuze kuti ena a ife tili mbali iti, ngakhale amatitcha amalume kapena azakhali.

Agogo aja adamwalira patapita milungu itatu. Ndidapita kukawaonanso kamodzi asanatisiye, ndipo tsiku limenelo mutu wawo udali bwino. Adandifotokozera za chikepe chotsikira pansi mdima usanathe, za fumbi la miyala, za anzawo amene sadabwerere. Nditawakumbutsa za mawu amene adandiyankha tsiku lija, adaseka mpaka kutsokomola, nati: "Pepani Abambo, pakamwa padazolowera." Ndidawauza kuti wopepesa si iwo. Kenaka ndidawapatsa Ukaristia, ndipo popeza sankatha kudzuka, ndidayenera kugwada ndi kuwanyamula mutu ndi dzanja langa kuti alandire bwino.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, adatero makolo, ndipo udindo uliwonse uli ndi mlandu wake pamaso pa Mulungu. Anyamata a kwaya apitirize kunditcha bosi ngati afuna, sindidzawaletsa. Koma ndikupempha Ambuye kuti pasadzapezeke munthu, pa ine kapena pa inu awerengi, amene pa mphasa yake yomaliza adzadzidzimuke ndi kufunafuna chipewa chifukwa chokumbukira dzina lathu.